Mmene ndimaphikira pa wikendi kuti mkati mwa sabata ndisavutike ndikaweruka

Tonse amene timachoka m'mawa n'kubwera mdima utagwa tikuidziwa nthawi yovuta ija, wafika pakhomo uli wefuwefu, nsapato sunavule n'komwe, m'mimba mukulira, wina akufunsa kale kuti lero tidya chani, iwe mutu sukugwiranso. Si kuti kuphika sutha ayi, koma pa ola limenelo kusenda anyezi mmodzi yekha kumalemera kuposa ntchito yonse ya tsikulo. Nde ine ndinasiya kulimbana ndi madzulo a Lachitatu, ntchito yolemetsa ndinaisamutsira ku wikendi, koma osati mmene ambiri amayambira.

Ambiri amayamba ndi kuphika chakudya chathunthu cha sabata yonse tsiku limodzi, n'kuchigawa m'makontena asanu ofanana. Nanenso ndinayamba choncho. Lolemba chimakoma, Lachiwiri chimadyeka, pofika Lachinayi ukangotsegula firiji mtima umabwerera, komanso chakudya chophika kale sichiyenera kupitirira masiku 3 kapena 4 mufiriji, nde kontena ya Lachisanu ija imakhala itadutsa kale malire. Ndinataya chakudya chambiri mwa njira imeneyi ndipo zinkandiwawa, chifukwa ndi ndalama komanso ndi tsiku langa lopuma limene ndinathera chiimirire. Panopa sindiphika chakudya chomalizika, ndimaphika maziko ake: msuzi wa tomato ndi anyezi, nyemba, nkhuku yowotcha, masamba otsuka kale, buledi, ndi keke imodzi yosangalatsa mtima. Mkati mwa sabata zinthu zimenezi ndimangozikumanitsa mosinthasintha, mphindi 15 kapena 20 chakudya chili patebulo. Ndipo zonse zikwane m'maola atatu, zikapitirira pamenepo ndiye kuti wikendi yasanduka shifiti ina, mwezi usanathe mudzakhala mutazisiya.

Lachisanu madzulo, mphindi 20 zokha

Musanaganize zogula kalikonse tsegulani firiji ndi kabati muone zimene zilimo. Ndikunena kuona kwenikweni, kusuntha mabotolo mpaka kumbuyo kuja kumene kumabisala karoti wofota ndi theka la kabichi. Zimene zatsala pang'ono kuonongeka ndi zimene zikuuzeni chophika mawa, kenako lembani pa foni zosowa zokhazokha. Ukapita kogula opanda ndandanda, njala ili m'mimba, umabwera ndi zinthu zokongola zimene mupoto sizigwirizana.

Mukatero pali ntchito ziwiri zimene zimadzigwira zokha inu muli mtulo. Nkhani yonse ya kuphika kwa munthu wotanganidwa yagona apa: pali ntchito yofuna manja anu, palinso ntchito yongofuna nthawi, nde yofuna nthawi ija muziipatsa usiku.

Yoyamba ndi nyemba. Theka la kilo, sankhani timiyala ndi zofumbwa, tsukani, viikani m'madzi ambiri opitirira nyembazo ndi zala zinayi chifukwa zimamwa madzi n'kutupa kwambiri. Maola 8 mpaka 12 akwana. Theka la kilo limeneli likapsa limaposa kilo imodzi, nde musaone ngati ndi zochepa.

Yachiwiri ndi mtanda wa buledi, ndipo musachite mantha, palibe zokanda mpaka mikono kuwawa. Mu mbale yaikulu thirani ufa wa tirigu magalamu 500, mchere magalamu 10, yisiti wa instant theka la tiyisupuni, ndi madzi 350 ml. Madziwo akhale apampopi wamba, osati otentha, yisiti ndi chamoyo ndipo madzi akafika cha m'ma madigiri 60 amafa. Takasani ndi supuni kapena dzanja mpaka pasaoneke ufa wouma, mphindi imodzi kapena ziwiri basi. Mtandawo uoneka wonyansa, womata, wa mabampu, usiyeni choncho. Vindikirani ndi mbale ina kapena pulasitiki, ugone maola 12 mpaka 18. Ngati kukutentha kwambiri usiye panja maola awiri kenako ulowe mufiriji, apo ayi pofika m'mawa ukhala utafufuma mopitirira, n'kugwa, n'kuyamba kununkha mowa.

Njira imeneyi si yanga, inatchuka mu 2006 nyuzipepala ya New York Times italemba za wophika buledi wina wa ku New York dzina lake Jim Lahey. Chimene chimachitika ndi ichi: mu ufa wa tirigu muli mapuloteni amene akanyowa amalukana n'kupanga gluten, kaukonde kamene kamakola mpweya umene yisiti amatulutsa. Kukanda kumangofulumizitsa kulukanako. Mukaupatsa mtanda wonyowa maola ambiri umadziluka wokha, ndipo chifukwa yisiti ndi wochepa amagwira ntchito pang'onopang'ono, kakomedwe kake kamazama kuposa ka buledi wofufumitsa mothamanga.

Pa nkhani yoyeza, ngati mungakwanitse pezani kasikelo ka digito. Kapu imodzi ya ufa ikhoza kulemera magalamu 120 lero, mawa 150, kutengera ngati mwathira mopepuka kapena mwatunga motsindira, ndipo kusiyana kumeneku ndi kumene kumapangitsa buledi wa sabata ino kufewa, wa sabata yamawa kukhala gwa, inu n'kumadabwa kuti ndalakwitsa pati. Ngati sikelo palibe, magalamu 500 ndi pafupifupi makapu anayi othira ndi supuni mopepuka, osatsindira.

Loweruka: yambani ndi zochedwa kupsa

Zatsopano monga nkhuku, tomato ndi masamba kagule m'mawa. Mukabwerako musakhale pansi kaye, mukakhala pansi zathera pomwepo. Dzazani sinki ndi madzi otentha a sopo kuti chilichonse chimene mwamaliza nacho chizilowa mmenemo, ikani mbale imodzi pambali yoponyamo makoko, nolani mpeni. Mpeni wobuntha ndi umene umacheka zala chifukwa umatsetsereka pa khungu la tomato, komanso umaphwanya anyezi m'malo momudula nde misozi imachuluka.

Uvuni ndimauyendetsa motsika. Buledi amafuna moto waukulu, madigiri 230, nkhuku 200, keke 180. Mukatsata ndondomeko imeneyi uvuni mumauyatsa kamodzi kokha ndipo simudikira kuti utenthenso, umangotsika pang'onopang'ono. Pamwamba pa sitovu pamakhala nyemba mbali ina, msuzi mbali ina.

Nde choyamba, ikani poto wolemera wa chivindikiro mu uvuni, yatsani pa 230, atenthe kwa mphindi 30. Onetsetsani kuti potoyo alibe zogwirira za pulasitiki kapena za mtengo. Pamene akutentha, tsanulirani mtanda uja pa tebulo lowaza ufa. Uoneka utakula kawiri, pamwamba pali timathovu, ukamachoka m'mbale ukukoka tizingwe. Musaumenye, mpweya umene uli mkatimo ndi umene mwaudikira usiku wonse. Nyowetsani manja, kokani mbali imodzi muipindire pakati, mbali ina chimodzimodzi mpaka zonse zinayi, utembenuzeni kuti mopinda mukhale pansi, uikeni pa pepala lophikira, vindikirani ndi kansalu upume mpaka poto atenthe.

Chachiwiri, nyemba pamoto. Tayani madzi oviikira aja, thirani atsopano, ndipo apa mverani bwino: ziwire mwamphamvu, kubwata kwenikweni, kwa mphindi zosachepera 10 musanachepetse moto. Nyemba, makamaka zofiira zazikulu zija, zili ndi poizoni wina wa mtundu wa lectin amene amaphedwa ndi kuwira kokha, zikangofunda pa moto wochepa osawira zimatha kukusanzitsani ndi kukutsegulani m'mimba m'maola ochepa. Amene mumagwiritsa ntchito slow cooker muziziwiritsa kaye pa sitovu. Zikawira choncho chepetsani moto zizibwata pang'onopang'ono ola limodzi kapena ola ndi theka, zakale zimachedwa kuposa zatsopano. Mchere thirani pakatikati, suumitsa nyemba ngati mmene ambiri timaopera. Chimene chimaziumitsa ndi zowawasa monga tomato, nde tomato asayandikire mpaka nyemba ikamaphwanyika mukaifinya ndi zala. Ine ndimazisiya zopanda kanthu, mchere wokha basi, pamodzi ndi madzi ake okhuthala aja, kuti mkati mwa sabata zikhoza kukhala supu, zikhoza kulowa mumsuzi, zikhoza kuphwanyidwa n'kupakidwa pa buledi.

Poto uja watentha tsopano. Mutulutseni ndi nsalu zouma, yonyowa imadutsa moto nthawi yomweyo, nyamulani mtanda ndi pepala lake lomwe muutsitsire mkati, chekani pamwamba kamzere kamodzi ndi mpeni wakuthwa kuti buledi adziwe poti ang'ambikire, vindikirani, mphindi 30. Musatsegule. Chivindikirocho chikusunga nthunzi yochokera mu mtanda momwemo, nthunziyo imafewetsa kunja kuti buledi akule kaye asanaume. Mphindi 30 zikakwana chotsani chivindikiro, apitirize mphindi 15 mpaka apse bwino, ofiirira mozama, osati otuwa. Ambiri timatulutsa msanga poopa kupsereza koma kukoma kuli mu mtundu umenewo. Mukamugogoda pansi amveke ngati kang'oma.

Kenako chovuta kuposa zonse, musamudule kwa ola lathunthu. Fungo lidzadzaza nyumba, ana azidzangozungulira kukhitchini, koma mkati mwake amakhala akupsabe ndi nthunzi, mukadula msanga mpeni umatuluka womata ndipo mkati mumakhala ngati simunapse. Muikeni pa waya kuti mpweya uzidutsa pansi. Mukatchera khutu mumamva kunja kwake kukulira tetete pamene akuzizira, ine phokoso limeneli mpaka lero limandiimitsa chilichonse chimene ndikuchita.

Amene mulibe uvuni mtanda womwewu umagwirabe ntchito. Dulani tizidutswa, phwatalitsani ndi manja pa ufa, ikani pa chiwaya chotentha chopanda mafuta kapena cha mafuta pang'ono, mphindi 2 kapena 3 mbali iliyonse. Mtanda wotsala umakhala mufiriji masiku awiri kapena atatu, mukhoza kumangotapa madzulo aliwonse.

Msuzi, umene ndi mwini wake wa sabata yonse

Pamene buledi ali mu uvuni manja anu ali pa anyezi. Anyezi 6 akuluakulu, tomato wakupsa kilo imodzi ndi theka, kapena zitini zitatu za magalamu 400, adyo mutu wathunthu, mafuta masupuni 5. Ngati pa zonse zimene ndalemba pano mungatengepo chimodzi chokha, tengani ichi, chifukwa chakudya chambiri cha madzulo chimayambira pa anyezi wokazinga ndi tomato, ndipo gawo limeneli ndi limene limadya nthawi ndi mphamvu.

Anyezi amafuna kumupirira. Mafuta afunde, thirani anyezi ndi mchere pang'ono kuti atulutse madzi ake, moto wapakati, muzitakasa mwa apo ndi apo. Mphindi 10 zoyamba amangofota n'kuwala, ambiri timathira tomato pamenepa nde msuzi umakhala wowawasa wopanda thupi. Pitirizani. Cha pa mphindi 25 kapena 30 poto amene anali wodzaza amakhala atatsika kufika pansi, anyezi wasanduka wagolide, wofewa ngati jamu, fungo lasintha kukhala lotsekemera. Akayamba kugwira pansi thirani madzi supuni ziwiri mupale ndi mthiko, zofiirira zogwira pansizo ndi kukoma, zakuda bii zokha ndi zimene zili zowawa. Adyo alowe pomaliza, mphindi imodzi yokha chifukwa sachedwa kupserera ndipo akapserera amawawitsa poto yense. Ngati muli ndi tomato paste mukazingeni kaye mu mafuta omwewo mpaka ade pang'ono, kenako tomato yense.

Ubwate osavindikira kwa mphindi 30 kapena 40. Mudzadziwa kuti wapsa mafuta akayamba kuonekera m'mbali, ofiira psuu, ndipo mukadutsa mthiko pakati kanjira kake sikatsekeka msanga. Tsono musathiremo zokometsera zamphamvu, kaya kale (curry), kaya tsabola wambiri, kaya jinja. Mchere basi. Msuzi ukakhala wa kale lero ndiye kuti mudya kale mpaka Lachisanu, pamene ukakhala wamba Lachiwiri mumaukhotetsera kuno, Lachinayi uko, ndipo palibe amene amadziwa kuti zachokera mu poto mmodzi.

Nkhuku ndi zowotcha

Buledi akangotuluka tsitsani uvuni pa 200. Ine ndimasankha ntchafu ndi miyendo, zamafupa ndi khungu lomwe, chifukwa nyama ya pachifuwa ikatenthetsedwa kachiwiri imauma ngati thabwa pamene ntchafu imakhalabe yofewa. Musatsuke nkhuku yaiwisi pa sinki. Ndikudziwa ambiri tinakula tikutsuka, koma madzi sapha tizilombo monga salmonella, amangotimwazira pa mbale ndi pa tebulo, chimene chimapha tizilomboti ndi moto. Ipukuteni ndi pepala iume, thirani mchere pafupifupi tiyisupuni imodzi ndi theka pa kilo, mafuta pang'ono, yalani pa thileyi khungu kumwamba. Bolodi ndi mpeni zimene zakhudza nkhukuyo zilowe m'madzi a sopo nthawi yomweyo, manja musambe, musanagwire masamba.

Zidutswazo zisakhudzane. Mukazipanikiza zimatulutsa madzi n'kumawira mu nthunzi yawo, zimatuluka zotuwa mbuu. Kufiira kwa nyama yowotcha kumachitika pokhapokha pamwamba pake pauma ndipo patentha kupitirira madigiri 140, pamene madzi safika kuposa 100, nde bola pali chinyezi kufiira kulibe. Katswiri wa ku France Louis-Camille Maillard ndi amene anafotokoza zimenezi mu 1912, ndipo ndi zomwezo zimene zafiiritsa buledi uja. Mphindi 40 mpaka 45, mkati mwa nyama pafupi ndi fupa mufike madigiri 75. Ngati mulibe choyezera bayani pokhuthala, madzi otuluka akhale oyera opanda magazi.

Pa shelefu yapansi ikani thileyi ina ya karoti, dzungu, mbatata, anyezi wodula pakati, chilichonse cholimba chimene munapeza mufiriji dzulo lija, zodula kukula kofanana, mafuta ndi mchere. Zimapsa nthawi yofanana ndi nkhuku. Mafuta ndi timadzi totsala pa thileyi ya nkhuku musataye, tsanulirani mu kabotolo, supuni imodzi ya zimenezi mu mpunga kapena mu nyemba imasintha zonse.

Masamba obiriwira ingotsukani, muumitse bwinobwino, kulungani mu kansalu koyera kapena pepala, n'kuika mu kontena. Chimene chimawaoletsa ndi madzi otsalira. Kuphika kwake n'kwa mphindi zochepa nde palibe chifukwa chowaphikiratu.

Keke ya nthochi

Iyi si ya njala, ndi ya mtima. Pa zonse za Loweruka apa pokha ndi pamene sindithamanga, foni imakhala kutali, ndimangomva foloko ikuphwanya nthochi. Sabata yonse umagwira ntchito zimene sizioneka kutha kwake, imelo ikayankhidwa ibwera ina, koma keke umaiyamba, umaimaliza, umaidula, anthu amadya uli pompo.

Nthochi 3 zakupsa kwambiri, zamakoko akuda zimene wina aliyense akufuna kutaya, ndi zimene zili ndi shuga ndi fungo. Mazira 2, shuga magalamu 120, mafuta ophikira 100 ml, ufa magalamu 250, soda tiyisupuni imodzi, mchere pang'ono, ndi yogati masupuni atatu ngati alipo. Ndimakonda mafuta kuposa batala pa keke imeneyi chifukwa mafuta sauma akazizira, nde Lachitatu keke imakhala ikadali yofewa. Phwanyani nthochi, thirani mazira, shuga, mafuta ndi yogati, sakanizani bwino. Mu mbale ina sakanizani ufa, soda ndi mchere kuti soda afalikire, palibe chowawa ngati kuluma kachibulumwa ka soda. Tsono phatikizani ziwirizi ndipo apa dzanja lipepuke, kungopinda ndi supuni mpaka ufa usaoneke, timabampu tisiyeni. Gluten amene timamufuna mu buledi mu keke ndi mdani, mukatakasa kwambiri keke imatuluka yolimba ngati labala, ya timauna tatitali mkati.

Soda ndi baking powder si chinthu chimodzi, musasinthanitse mwachisawawa. Soda amafuna chowawasa kuti atulutse mpweya, apa akuchipeza mu nthochi ndi yogati, pamene baking powder ali nacho kale mkati mwake. Zonsezi zimatha mphamvu zikakhalitsa mu kabati. Kuyesa kwake n'kosavuta, baking powder pang'ono m'madzi otentha, soda pang'ono mu viniga, zikapanda kuchita thovu nthawi yomweyo kagulani zina musanaononge mazira.

Nkhuku ikatuluka siyani chitseko cha uvuni chotsegula mphindi zingapo kuti fungo la nyama lituluke komanso moto utsike, ikani pa 180. Pakani mafuta mu thini, thirani, ilowe mwamsanga chifukwa soda amayamba ntchito akangonyowa. Mphindi 50 mpaka 60, ndipo theka la ola loyamba chitseko chisatsegulidwe, mphepo yozizira ikalowa pakati pamagwa. Bayani pakati ndi kamtengo kapena mpeni woonda, ukatuluka wopanda phala yapsa. Pamwamba pakada msanga mkati musanapse phimbani ndi foyilo. Ola limene keke ili mu uvuni ndi lotsuka zotsala ndi kupakira.

Kusunga, pamene ntchito yonse ikhoza kuonongekera

Tizilombo timaswana mofulumira pakati pa madigiri 5 ndi 60. Chakudya chophika chisakhale panja kupitirira maola awiri, kukatentha kwambiri ola limodzi. Poto wamkulu wa nyemba ukamusiya kuti azizire yekha, pakati pake pamakhala pofunda kwa maola ambiri ngakhale m'mbali mwazizira, ndipo mukamulowetsa mufiriji chonchobe amafunditsa zina zonse. Gawani mu makontena osaya, chakudya chisapitirire masentimita 5 kuzama, kapena khazikani poto mu sinki ya madzi ozizira mukutakasa. Nthunzi ikangosiya kutuluka zilowe. Firiji izikhala pa madigiri 4 kapena kutsika pang'ono, filiza pa -18.

Gawani pawiri. Za Lamulungu, Lolemba ndi Lachiwiri mufiriji, za Lachitatu kupita kutsogolo mu filiza lero lomwe, osati kudikira zitayamba kukayikitsa. Msuzi ndimauthira mu timapepala ta pulasitiki totseka, n'kuugoneka mophwatalala, umauma msanga, umasungunuka msanga, ndipo timasanjikana ngati mabuku. Muyezo wake ukhale wa chakudya chimodzi, chifukwa chimene mwasungunula n'kutenthetsa sichibwereranso. Lembani tsiku ndi dzina pa kaselotepi, zinthu zikauma mu filiza zimafanana zonse, msuzi wa tomato ndi nyemba simungazisiyanitse. Mbatata zophika ndi masamba aiwisi sizigwirizana ndi filiza, zimatuluka zamadzimadzi, nde zowotcha zija zidyedwe masiku oyamba. Magetsi akazima musamatsegule, firiji yotseka imasunga kuzizira pafupifupi maola 4, filiza yodzaza mpaka maola 48.

Buledi asalowe mufiriji, kuzizira kwa mmenemo kumamuumitsa msanga kuposa pa tebulo. Wa masiku awiri musiyeni mu nsalu, mbali yodula itayang'ana pansi pa bolodi. Wotsala dulani masilayisi muike mu filiza, m'mawa silayisi imachoka mu filiza kupita pa chiwaya kapena mu toaster osadikira kusungunuka. Buledi wapanyumba alibe mankhwala osungira, nde mu pulasitiki pamalo ofunda sachedwa kuchita chuku.

Mpunga wokha sindiuphikiratu. Muli kachilombo kotchedwa Bacillus cereus kamene mbewu zake sizifa pophika, mpunga ukakhala wofunda nthawi yaitali kamadzuka n'kutulutsa poizoni amene ngakhale mutatenthetsanso sachoka. Komanso mpunga umapsa mu mphindi 15 kapena 20 opanda kuuyang'anira, mukauika pamoto mukangolowa m'nyumba, pomwe mukumaliza kusamba wapsa. Ukatsala uyaleni pa mbale uzizire ola lisanathe, ulowe mufiriji, udyedwe mawa lake, kutenthetsa kamodzi kokha.

Mkati mwa sabata

Lolemba ndi losavuta, nkhuku ndi zowotcha zija mu chiwaya chotentha, khungu pansi kuti liumenso. Lachiwiri ndimathira msuzi mu chiwaya ndi tsabola pang'ono, ukayamba kubwata ndimaboola timaenje ndi supuni n'kuswera mazira mmenemo, kuvindikira mphindi 5 kapena 6, kudya ndi buledi wopisa mumsuzimo. Lachitatu nyemba zimakumana ndi msuzi, kale amakazingidwa kaye mu mafuta masekondi 30 kuti fungo lituluke, mpunga uli pambali, masamba aja mphindi zitatu. Lachinayi sipageti ndi msuzi womwewo, nkhuku ya mu filiza yonyotsolanyotsola, ndi kamadzi kophikira sipageti pang'ono kuti msuzi ugwire. Lachisanu chilichonse chatsala mu filiza chimalowa mu poto mmodzi n'kukhala supu. Chilichonse chotenthetsa chitenthe mpaka pakati, chizituluka nthunzi, osati kungofunda.

Zonsezi zimadalira kanthu kamodzi kakang'ono kamene kamaiwalika, kusamutsa cha mawa kuchoka mu filiza kupita mufiriji usiku. Osasungunulira pa tebulo tsiku lonse muli ku ntchito, kunja kumafunda mkati mukadali mwala. Ine ndinatchera alamu ya 9 koloko usiku pa foni, ikalira ndimadzuka n'kusamutsa, masekondi 20 basi.

Ndipo kumabwera mawikendi amene simupezeka, kaya ukwati, kaya mwadwala, kaya ntchito yakutsatirani mpaka Loweruka. Wikendi yotero ine ndimasiya buledi, ndimasiya keke, nkhuku ndidzagula mkati mwa sabata, ndimangopeza ola limodzi Lamulungu madzulo la anyezi ndi tomato. N'chifukwa chake wikendi imene ndili ndi mpata ndimaphika msuzi ndi nyemba zowirikiza kawiri, mu filiza yosatekeseka pa -18 zimakhala bwinobwino miyezi iwiri kapena itatu, nde sabata yovuta ikafika ndimangotulutsa kapepala kamodzi ka msuzi, kena ka nyemba, n'kuika mpunga pamoto.